Woperekeza Sanatsike pa Shawlands

Shawlands, Glasgow
Mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene a Flywell,

Ndayamba ndi moni, nditagwada, ngakhale maondo anga masiku ano amachita kudandaula podzuka. Muli bwanji kumudziko ku Luchenza? Alamu anga a Winifred, shuga uja watsika? Nanga mwendo wanu uja ukupondeka, kapena mukupitirizabe makani okana ndodo? Ife kuno tili bwino. Ntchito ya kuchipatala ikuyenda, ndipo mwana wanga Tadala wamaliza sukulu yake, wayamba ntchito ya makompyuta m'tauni.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pamene foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu, achimwene. Ndikangoyamba nkhani inu mwaweruza kale, kenako mumati netiweki yavuta. Pepala simungalidule.

Nkhani yake nayi, ndisazungulire. Pali bambo wina akufuna kundikwatira, ndipo mtima wanga wavomera. Koma pakamwa sindinavomere, chifukwa mwini mbumba ndinu. Popanda mawu anu, popandanso inu kubwera kuno kudzakhala nkhoswe yanga, ukwati umenewu palibe. Eni akewo ndawauza choncho.

Ndikudziwa kuti pofika apa mwavula magalasi n'kuwaika patebulo. Valaninso. Malemu amuna anga a Goodwill sanali mlamu wanu chabe, anali mnzanu wa pamtima, inu pa siteshoni iwo pa injini. Tsiku lomanga chiliza chawo munanena pamaso pa anthu kuti munthu ngati uja sadzapezekanso. Sindinatsutse, ndipo lero sinditsutsa. Ndikukumbukiranso lumbiro lanu loti simudzakwera ndege chifukwa chinthu chopanda njanji simuchikhulupirira. Zonsezo ndaziganizira. Komabe imvani mmene zinayendera, poti mbali ina ya mlanduwu ndi yanu.

Bambo akufuna kundikwatirawo dzina lawo ndi a Fryson. Kwawo ndi ku Bilila, ku Ntcheu, ndipo siteshoni ya kumeneko mukuidziwa kuposa ine. Anabwera kuno kalekale, ankagwira ntchito ya uinjiniya yoyang'anira milatho ndi madenga a njanji, tsopano anapuma. Akazi awo anamwalira. Ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, munthu wofatsa, wadazi, woseka ndi mapewa. Galimoto alibe. Amati galimoto ndi ya anthu osadziwa nthawi ya sitima. Ndikuona ngati pamenepa mwagwedeza mutu mosafuna.

Lamulungu lina mu Juni mapemphero a m'makomo anali kwanga. Anthu anaimba, anadya, n'kubalalika m'magalimoto awo. Anatsala a Fryson okha, akudikira nthawi ya sitima yawo. Ndinawakulungira mandasi ndi nkhuku yotsala mu jumbo, ndipo ndinauza Tadala kuti awaperekeze.

Mwana uja anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno chomeza mawu chija. Anati bambowo ndi munthu wamkulu, njira akuidziwa, ndipo akasochera foni yawo ili ndi mapu. Asa! Ana okulira kuno! Mlendo atuluke yekha pakhomo ngati wapirikitsidwa? Amayi akanakhala moyo akanatikoka makutu tonse awiri.

Ndinanyamula jumbo ija ndekha. Kumapazi masilipasi a m'nyumba, aubweya, apinki. M'chiuno chitenje cha Mvano, pamwamba jekete ya Tadala. Foni ndi kachikwama zinatsala patebulo, poti ndimati ndikafika pamphambano ndibwerera. Pamphambano paja nkhani ya ku Bilila inali isanathe, ndiye ndinapezeka ndafika pa siteshoni.

Achimwene, siteshoni yathu ya Shawlands mutaiona mungagwetse misozi. Masitala palibe, belu palibe, wogulitsa nthochi ngakhale mmodzi palibe. Pali kamsasa kothawiramo mvula, ndi mawu a mayi wina wosaoneka amene amalengeza sitima kuchokera pamtengo wachitsulo. Ndi yaukhondo ndithu, koma ilibe mwini.

Kumbukirani Luchenza wanu. Khonde lalitali lija la malata, belu lamkuwa, chipinda cha katundu chonunkhira tiyi ndi nsomba zouma, amayi atasenza nanazi akuthamangira mawindo. Munthu mmodzi akamapita ku Limbe, omuperekeza ankakwera onse. Wina kumupezera malo, wina kukankha dengu pansi pa mpando, wina kupereka moni wopita kwa achibale, azakhali kuyambitsa pemphero. Ndiye inu a masitala, mkulu wa siteshoni, chipewa pamutu, mbendera yobiriwira m'khwapa, munkayenda bogi ndi bogi mukukuwa kuti operekeza atsike. Wenzulo simunkaimba mpaka woperekeza womaliza ataponda pansi, ngakhale a Goodwill atakwiya bwanji kutsogolo kuja. Ine ndinakulira zimenezo. Kwa ine woperekeza amakwera.

Choncho sitima itafika ndinakwera. Ndinaika jumbo pampando, ndinayamba kuwalangiza katenthetsedwe ka nkhuku, kenako moni wopita kwa ana awo ku Aberdeen. Ndili m'kati mwa moniwo ndinangomva kulira kwa tii tii tii, zitseko n'kudzitsekera zokha. Mayo ine! Ndinamenya chitseko, ndinakuwa m'Chichewa kuti ine ndine woperekeza chabe. Shawlands inayamba kubwerera m'mbuyo.

Anthu m'bogimo anakweza mitu, n'kuyang'ana masilipasi anga, n'kubweza maso mwaulemu. Ine namwino wamkulu wa pawodi, amene ana a sukulu ya unamwino amandiopa! A Fryson anayesetsa kudzigwira, koma mapewa anawaulula. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi.

Kunabwera mtsikana woona matikiti, watsitsi lofiira. A Fryson anamufotokozera mwambo wathu wonse. Iye anaseka, anati agogo ake a ku zisumbu za kumpoto nawonso sankalola mlendo kuchoka yekha, ndipo mwina ndife pachibale. Tikiti anandigulira a Fryson.

Apa ndiulule. Ndikanatha kutsika siteshoni yotsatira n'kubwerera wapansi. A Fryson anati ku Central, siteshoni yaikulu ya m'tauni, sitima zobwerera n'zambiri. Ndinavomera msanga kuposa mmene mayi wa msinkhu wanga ayenera kuvomerera.

Pa Central ndadutsapo zaka zonsezi, ndikuthamangira shifiti, maso ali pansi. Tsiku limenelo a Fryson anandiimika pakati pa anthu n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumwamba. Achimwene! Denga lonse ndi galasi, masauzande a magalasi, atagona pa zitsulo zolukanalukana, mizere yokwera ndi kutsika mpaka maso kutopa. Dzuwa limalowa lonse, mvula n'kutsala kunja. Anati pa nthawi ya nkhondo yaikulu denga limenelo analipaka lakuda kuti ndege za adani zisaone kuwala, ndipo mdimawo unakhala zaka zambiri nkhondo itatha. Iwo anafika kuno magalasi atsopano ataikidwa kale, koma anakwerapo kangapo kukayendera zitsulo. Anandilozera pamene ankaima, ine n'kumva chizungulire ndili pansi.

Siteshoniyo inatsegulidwa m'ma 1870, agogo athu asanaone n'komwe njanji, ndipo anaikuza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi yomwe njanji yathu inkakwera kuchokera kuchigwa kupita ku Blantyre. Pamalopo panali mudzi, anaugwetsa kuti sitima zipeze pofikira. Timasitolo ta m'katimo ndi ta matabwa akuda onyezimira, ndipo makoma ake ndi okhota, opanda ngodya. Anati omanga anachitira dala, kuti khamu la anthu lizidutsa osagundana. Ndinaganiza za inu, mmene munkavutikira ndi anthu othinana pa kakhomo ka matikiti kaja.

Kenako ananditulutsa panja kukandionetsa mlatho umene umanyamula njanji pamwamba pa msewu wa Argyle. Ndi waukulu, wa mawindo ataliatali, ndipo anthu a kuno amautcha ambulera ya anthu a kumapiri. Kale anthu a kumidzi ya kumpoto akabwera m'tauni kudzafuna ntchito, ankakumana pansi pake patsiku lopuma, kuthawa mvula, kulankhula chinenero chawo ndi kufunsana za kumudzi. Ndinaima pamenepo ndi chitenje changa, mtima n'kuchita kutentha. Kani nawonso anali ndi anthu ngati ife!

Tinabwerera m'kati, pansi pa wotchi yaikulu yolendewera kudenga, pamene anthu a kuno amapanganirana kukumana. A Fryson anati ndawaperekeza mokwanira, ndibwerere pamenepo. Koma jumbo ija inali idakali m'manja mwanga, ndipo inu mukudziwa kuti woperekeza sapereka katundu mlendo asanakhale pampando. Ndinawauza choncho. Iwo anati pachipata salowetsa munthu wopanda tikiti, ndipo tikiti yongolowera pachipata kulibe. Anakagula yopita ndi kubwerera ku Wemyss Bay, kumene amakhala. Dzinalo musavutike nalo, eni ake amangoti Wimzi.

Ndinakwera, ndinaika jumbo. Zitseko zinalira tii tii tii. Ulendo uno sindinamenye chitseko, achimwene. Ndinakhala pansi.

Ndinabwereka foni yawo kuimbira Tadala, amene anali atayamba kale kuda nkhawa. Nditamufotokozera anaphulika kuseka. Anafunsa ngati mwambo wa kwathu umalamula kuperekeza mlendo mpaka kunyanja. Ndinamuuza kuti atsuke mbale.

Sitima inatsata mtsinje wa Clyde, umene umanka nukula mpaka tsidya lina kuoneka patali. Tinadutsa matauni amene kale ankapanga sitima za pamadzi, kenako minda, nkhosa, mitengo. Njanji inathera pamadzi penipeni.

Pamenepo ndi pamene ndinakulakalakani. Wemyss Bay ndi kamudzi chabe, koma siteshoni yake anaimanga ngati akuyembekeza mfumu. Pakati pali kanyumba ka matikiti kozungulira ngati nkhokwe. Kuchokera pamutu pake zitsulo zimatambasukira mbali zonse, zitanyamula denga la galasi lozunguliranso. Mapulatifomu amakhota, mizati imakhota, palibe chowongoka. Panja pali nsanja ya wotchi, makoma oyera a mizere yakuda, ndi denga la matailosi ofiira. Kuchokera m'katimo njira ya matabwa imatsetsereka mokhota, ili ndi denga lake, mpaka pokwerera sitima ya pamadzi yopita kuchisumbu cha tsidya lina.

A Fryson anati anaimanga m'chaka cha 1903, chifukwa cha anthu a m'mafakitale a Glasgow amene ankakhamukira kunyanja pa tchuthi, ndi ana, masutikesi ndi agogo awo. Omangawo anafuna kuti munthu atsike sitima ya pamtunda, akwere ya pamadzi, osanyowa ndiponso osasochera. Amangotsata kukhota kwa khoma basi. Ndinati omanga amenewo ankadziwa kuperekeza.

Ndiye maluwa! M'miphika, m'madengu olendewera, paliponse. Amawasamala ndi anthu a pamudzipo, mongodzipereka, ndipo mmodzi wa iwo ndi a Fryson. Anandionetsa miphika yawo monyadira ngati akundionetsa adzukulu. Tinakhala pabenchi n'kudya mandasi omwe aja ndinawakulungira kuti akadye okha.

Pabenchi pamenepo anandiuza za malemu akazi awo, mayi Tupochile, mmene anadwalira ndi mmene nyumba inakhalira zii. Inenso ndinawauza za a Goodwill. Ndinalira pang'ono, ndipo sanandiletse. Nditatonthola anandifunsa kuti a Goodwill ankayendetsa injini yanji, ndiponso ankakwera bwanji chitunda cha ku Thyolo nthawi ya mvula. Chimwalirireni amuna anga, palibe mwamuna wina anandifunsapo za iwo mofuna kumvadi yankho.

Nthawi yobwerera itakwana ndinakwera sitima. Potembenuka kuti nditsazike, ndinapeza a Fryson akweranso. Anati mayi wovala masilipasi sangayende yekha ulendo wonsewo, andiperekeza pang'ono. Zitseko zinalira, iwo n'kukhala pansi. Pang'ono pawo panafika ku Central, panafika ku Shawlands, panafika pakhomo panga penipeni, dzuwa la kuno la mu Juni lidakali pamwamba.

Pakhomopo vuto linabukanso. Tsopano iwo analinso mlendo wochoka pakhomo panga, ndipo ine ndinayamba kumanganso chitenje. Tadala anaima pachitseko atatambasula manja. Anati tikapitiriza chonchi Khirisimasi itipeza m'sitima. Anavala nsapato, anawatenga a Fryson, n'kuwaperekeza yekha mpaka pa siteshoni. Mwana amene anakana masana uja! Pobwera anati bambowo ndi abwino, ndipo iye sanakwere.

Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timaperekezana. Tsopano ndimavala nsapato zenizeni. Andionetsa masiteshoni ambiri, ena aakulu a miyala yofiira, ena a kumidzi amene anawasandutsa nyumba za tiyi. Amayi a Mvano anayamba kunong'onezana, ndipo mayi wapampando anandikokera pambali n'kundifunsa ngati mlendo wanga uja sanafikebe kwawo.

Sabata yatha tinali ku Wemyss Bay, iwo akuthirira maluwa, ine ndikuchotsa masamba ouma. Anaika chothiririra pansi, anavula chipewa. Anati anthu awiri akuluakulu tikutha njanji za eni ake ndi kuperekezana, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: khomo likhale limodzi, pasakhalenso woperekeza mnzake. Achimwene, ndinasangalala ngati mtsikana. Sindibisa, ndinasangalala kwambiri!

Koma ndinawayankha kuti ndamva, ndipo ine ndili ndi eni ake ku Luchenza. Anati akudziwa, ndipo akanadabwa ndikanayankha mwina. Achibale awo a ku Bilila ndi okonzeka kubwera kwanu kudzagogoda monga mwa mwambo, mukangolola. Msuweni wawo, a Maxon, amene amakhala ku Dennistoun konkuno, ndiye adzakhale nkhoswe ya kuchimuna.

Ndikudziwa chimene munene. Muti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chabwino, bwerani mudzang'ambe mkuyuwo nokha. Mudzawafunse mafunso anu onse ovuta aja. Ndikungoopa kuti mukadzayamba nkhani za njanji awirinu, za ukwati mudzaiwala.

Za a Goodwill, mtima wanu ukhale pansi. Palibe akulowa m'malo mwawo. A Fryson ananena okha, ine osawapempha, kuti chithunzi cha a Goodwill atavala yunifomu chidzapachikidwa pabalaza pambali pa cha mayi Tupochile. Anati anthu awiriwo ndi amene anatisula, ndipo nyumba yowabisa iwo sangakhalemo.

Mwina mwaona kale kuti madenga ndi mawotchi onsewa sindinawalembe pachabe. Inde, ndikukunyengererani, ndipo manyazi ndilibe. Munthu amene anapereka moyo wake wonse ku siteshoni imodzi ya khonde la malata ayenera kudzaima pansi pa denga la Central, chipewa chili m'manja. Ndege ndi tsiku limodzi lokha. Mudzatsinzine, alamu adzakugwirani dzanja. Mukadzangotera, ndikulonjeza kuti kwina konse mudzayenda pa njanji. Za mapepala a ulendo Tadala wati ndi ntchito yake.

Tsopano ndinene za pansi pa mtima. Moyo wanga wonse ndakhala woperekeza. Ndinaperekeza amayi, ndinaperekeza a Goodwill mpaka kumanda. Ndinaperekeza Tadala ku yunivesite, ndinamuyalira bedi, n'kubwerera ndekha. Kuwodi ndimaperekeza odwala tsiku ndi tsiku, ena pakhomo lopita kwawo, ena pakhomo linalo. Nthawi zonse ndimatsika, n'kubwerera kunyumba yopanda wondifunsa kuti ndayenda bwanji. Sindinadandaulepo. Koma ulendo uno ndikufuna kukhala pampando.

Mukakana, nditsika. Ndikunena zoona. Ndidzalira, a Fryson adzabwerera ku maluwa awo, koma sindidzakwatiwa mozemba ngati munthu wopanda kwawo. Ndinakulira pa Luchenza, ndipo ndikudziwa kuti sitima sinyamuka a masitala asanalole.

Mbendera yanu yobiriwira ija ndikudziwa kuti simunabweze tsiku lopuma ntchito. Ili m'sutikesi pansi pa bedi, alamu anandiuza. Muichape, muisite, mubwere nayo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Winifred, muwauze kuti kalatayi awerengenso okha, chifukwa ndikudziwa kuti inu mudumpha mizere ina. Moni kwa Chiko ndi ana ake, kwa azakhali a ku Thuchila, ndi kwa onse a mumpingo. Tadala akuti moni kwa amalume, ndipo akuti adzakuperekezani kulikonse kumene mudzafune, bola mudzamuuze nthawi yotsika. Mulungu wa makolo athu akusungeni, alimbitse mwendo wanuwo, akupatseni tulo tabwino mukatha kukwiya.

Musachedwe kuyankha, achimwene. Zitseko za kuno sizidikira munthu, koma ine ndaima pakhomo la bogi, phazi limodzi m'kati, maso ali kwa inu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ketrina